Dzina Limasintha, Mbiri Imatsala

Mukafunsa madala a pa Namitambo za timu ya Bullets, akutchulirani maina angapo. Kale inali Bata Bullets, kenaka Total Big Bullets. M'chaka cha 2003 inasanduka Bakili Bullets, ndipo mu 2004 inafika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League. Pambuyo pake kunabwera dzina la Nyasa, ndipo mu 2023 kunawonjezeka la FCB. Dzina limatsata wopereka ndalama, koma ochemerera amangoti "Maule", atavala zofiira ndi zoyera.

Mnyamata wofuna kutsegula malo onyamulirapo zitsulo pamsika atolepo phunziro. Kupenta chikwangwani chatsopano n'kosavuta. Chimene chimasunga anthu ndi zitsulo zosavulaza, mtengo wosasinthasintha, ndi ulemu kwa makolo amene akutumizako ana awo.