KODI WOTHAMANGA AMAFIKA BWANJI KU OLIMPIKI?

Mwina mudaonererapo mpikisano wa ana a sukulu pa Ntaja. Pamakhala mwana mmodzi amene amasiya anzake onse kutali. Anthu amaomba m'manja, amayi nkumaimba nthungululu. Ndiye wina amafuula kuti, "Ameneyu ngwopita ku Olimpiki basi!"

Kodi nzoona? Kodi mwana akaposa anzake onse a pa Ntaja, a pa Nsanama ndi a pa Nselema, ndiye kuti ulendo wa kunja watheka? Iyayi. Njira yake njaitali, ndipo ili ndi zipata. Tiyeni tizione zipatazo.

Olimpiki ndi maseŵera aakulu a dziko lonse lapansi. Amachitika kamodzi pa zaka zinayi. Mu 2024 adachitikira ku Paris, m'dziko la France. Mu 2028 adzachitikira ku Los Angeles, ku America. Kumakhala kuthamanga, kusambira, nkhonya, mpira wa miyendo, kuponya mivi ndi maseŵera ena ambiri. Maiko oposa 200 amatumiza anthu awo. Koma malo ngoŵerengeka. Ku Paris malo adalipo pafupifupi 10,500 okha. Nchifukwa chake pali malamulo osankhira anthu.

Dziko liyambe lavomerezedwa

Munthu sapita ku Olimpiki payekha, ngakhale akhale ndi ndalama zokwerera ndege. Amapita m'dzina la dziko lake, ndipo ayenera kukhala nzika ya dzikolo. Dziko lililonse lili ndi komiti yake yoona za Olimpiki. Komitiyo imavomerezedwa ndi komiti yaikulu yotchedwa IOC, imene likulu lake lili ku Lausanne, m'dziko la Switzerland. Kwathu kuno komiti yathu ndi Malawi Olympic Committee. Imeneyi ndiyo imalembetsa maina a anthu opita.

Malaŵi adapita koyamba mu 1972, ku Munich, m'dziko la Germany. Mu 1976 ndi mu 1980 sitidapite. Kuyambira mu 1984 takhala tikupita nthaŵi zonse, koma mendulo ya Olimpiki sitidaipatebe.

Dziko likhozanso kutsekeredwa kunja. Abambo amene adagwirako ntchito ku Joni akudziŵa tsankho limene lidali kumeneko. Chifukwa cha tsankholo, South Africa adaletsedwa kupita ku Olimpiki kuyambira mu 1964. Adabwereranso mu 1992.

Wotchi ndiye woweruza

Pa maseŵera othamanga, safunsa kuti mwaposa yani. Amafunsa kuti mwathamanga nthaŵi yotani. Akuluakulu amaika nthaŵi, ndipo wofuna kupita aikwanitse.

Taonani zitsanzo za ku Paris. Pa mpikisano wa mamita 100, mwamuna adayenera kumaliza m'masekondi 10. Mkazi adayenera kumaliza m'masekondi 11.07, ndiko kuti masekondi 11 ndi kachidutswa kakang'ono. Yesani kuŵerenga kuyambira 1 mpaka 10 mosathamanga. Pomwe mukutsiriza, munthu wadutsa kale bwalo lonse la mpira.

Pali mpikisano wina wautali wotchedwa marathon. Mtunda wake ndi makilomita 42. Mutanyamuka pa Ntaja kuloŵera ku Liwonde, mtunda umenewu ungakufikitseni pafupi ndi Liwonde. Mwamuna adayenera kuumaliza m'maola 2, mphindi 8 ndi masekondi 10. Ndiye kuti kilomita iliyonse mphindi zitatu, osapuma, mpaka kukafika. Ngakhale wa kabaza atanyamula munthu, angavutike kumtsatira.

Tsono si wotchi iliyonse imene amaikhulupirira. Wotchi ya pa mkono ya aphunzitsi siŵerengedwa. Mpikisano uyenera kukhala wovomerezeka, bwalo kapena mseu ukhale woyezedwa bwino, ndipo pa mitunda yaifupi nthaŵi ijambulidwe ndi makina. Mphepo ikamakankha wothamanga kumbuyo mopitirira muyezo, nthaŵiyo amaitaya. Akapezeka kuti adamwa mankhwala oonjezera mphamvu, amaitayanso, iye nkulangidwa. Ndiponso nthaŵi yakale sigwira ntchito. Othamanga mamita 100 ku Paris adayenera kuikwanitsa pakati pa 1 Julayi 2023 ndi 30 Juni 2024.

Wolephera nthaŵi ali ndi mwayi wina. Pali mndandanda wa othamanga a dziko lonse lapansi. Munthu amapata mapointi pa mpikisano uliwonse wovomerezeka, ndipo mpikisano waukulu umapatsa mapointi ambiri. Malo otsala amapatsidwa kwa amene ali pamwamba pa mndandandawo. Koma apa mpamene mphaŵi amagwera. Mipikisano yotere yambiri imachitikira kunja. Wopanda ndalama ya ndege sapata mapointi, ngakhale miyendo yake ikhale yopepuka bwanji.

Lamulo lina nlakuti dziko limodzi lisatumize anthu oposa atatu pa mpikisano umodzi wothamanga. Ku Kenya lamulo limeneli limaliza anthu. Kumeneko okwanitsa nthaŵi ya marathon amakhala ambirimbiri, koma opita ndi amuna atatu ndi akazi atatu basi. Enawo amatsala, chonsecho kukadakhala kuno akadakhala akatswiri a dziko lonse. Vuto lathu ndi losiyana. Ife timasoŵa ndi mmodzi yemwe.

Nanga ife timaloŵera pati?

Pali kachipata kena kakang'ono, ka oitanidwa. Eni Olimpiki safuna kuti maseŵera akhale a maiko olemera okha. Tsono dziko limene lilibe wothamanga aliyense wokwanitsa nthaŵi limaloledwa kutumiza mmodzi, amene ali katswiri kwawoko. Pa kusambira limaloledwa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi. Pa maseŵera ena, monga judo ndi kuponya mivi, pali malo oŵerengeka amene komiti ya dziko imachita kupempha.

Tinene zoona, Amalaŵi ambiri opita ku Olimpiki masiku ano amaloŵera pamenepa. Areneo David adapita ku Rio de Janeiro mu 2016 kukaponya mivi atachita kuitanidwa. Ku Tokyo mu 2021 tidatumiza anthu asanu. Ku Paris tidatumiza atatu: wothamanga Asimenye Simwaka, ndi osambira aŵiri, Filipe Gomes ndi Tayamika Chang'anamuno.

Musaganize kuti woitanidwa ndi munthu wamba wongotoledwa pa mseu. Asimenye Simwaka, amene amaseŵeranso mpira wa miyendo, adathamanga mamita 100 ku Tokyo. Adadutsa gawo loyamba, ndipo pa gawo lachiŵiri adamaliza m'masekondi 11.68. Nthaŵi imene idaikidwa chaka chimenecho idali masekondi 11.15. Kusiyana kwake ndi theka la sekondi. Mukuti nzochepa? Pa liŵiro lotere, theka la sekondi ndi mamita anayi kapena asanu. Kuti munthu afupikitse mamita amenewo, pamafunika zaka, mphunzitsi wodziŵa, chakudya chokwanira ndi bwalo labwino.

Za matimu nzina

Timu ilibe wotchi, ndipo pa mpira wa miyendo palibe kuitanidwa. Dziko lokhalo limene likulandira alendo ndilo limaloŵa osapikisana. Ena onse amayamba amenyana okhaokha m'chigawo chawo. Pa mpira wa amayi ku Paris kudali matimu 12, ndipo Africa yense adapatsidwa malo aŵiri. Adatenga ndi Nigeria ndi anansi athu a ku Zambia. Zambia idapitanso ku Tokyo itagonjetsa Cameroon. Pa ulendo wa ku Tokyo womwewo, timu yathu ya Scorchers idatulutsa Mozambique mu 2019, koma idakagwa m'manja mwa Kenya. Pa mpira wa abambo amatenga anyamata osapitirira zaka 23, kuonjezapo akuluakulu atatu okha.

Kumene timaloŵa ndi mphamvu zathu

Mwina mukufunsa kuti, "Nanga ma Queens athu a ntchemberembaye bwanji sitiwamva ku Olimpiki?" Yankho nlakuti mpira wa manja umenewu suseŵeredwa ku Olimpiki. Umaseŵeredwa ku maseŵera ena aakulu, a Commonwealth.

Aŵanso amachitika pa zaka zinayi, koma ngwa maiko a m'bungwe la Commonwealth okha. Ambiri mwa maikoŵa adalamulidwapo ndi Angerezi. Mozambique adalamulidwa ndi Apwitikizi, koma adaloŵa m'bungweli mu 1995, ndiye amapita nawo. Zimbabwe adatuluka mu 2003, ndiye adaleka kupita. Kumeneku tidayamba kupita mu 1970, ndipo mendulo tili nazo zitatu, zonse za nkhonya, zonse za munthu wachitatu. Tatu Chionga adapata yake mu 1970. Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe adapata zawo mu 1986. Zaka zonse ziŵirizi maseŵera adachitikira mumzinda umodzi, wa Edinburgh ku Scotland.

Pa ntchemberembaye, mu 2018 ndi mu 2022 kudali matimu 12. Malo amodzi adali a eni mudzi. Malo 11 otsalawo adapita kwa matimu amene adali pamwamba pa mndandanda wa dziko lonse lapansi. Ma Queens adaloŵera pamenepo. Sadachite kuitanidwa mwachifundo ayi. Ndipo mu 2018, ku Gold Coast m'dziko la Australia, adagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53, Mwai Kumwenda ali m'bwalo. New Zealand ndi imodzi mwa matimu oopsa kwambiri pa maseŵera ameneŵa.

Koma mvetsetsani m'mene mndandandawo umayendera. Timu imapata mapointi ikaseŵera ndi timu ya dziko lina. Ikagonjetsa timu yamphamvu, imapata ambiri. Mapointi akale amanka nachepa mphamvu, kenaka amafufutidwa. Ali ngati chimanga cha m'nkhokwe: mukapanda kulima chaka chino, cha chaka chatha chimatha. Tsono mukamva pa wailesi kuti ma Queens alephera ulendo chifukwa ndalama zasoŵa, dziŵani kuti si ulendo wokhawo umene watayika. Anzathu amakhala akukwera. Ku Delhi mu 2010 ndi ku Glasgow mu 2014 ma Queens adamaliza pa nambala 5. Ku Birmingham mu 2022 adamaliza pa nambala 7, ndipo pa nambala 5 padakhala Uganda.

Tibwerere kwa mwana uja

Mwana wa pa Ntaja uja ayambira pomwe ali, pa mipikisano ya sukulu. Akapambana pa zoni amapita pa boma, kenaka amakakumana ndi anzake a dziko lonse. Kumeneko ndi kumene a bungwe loona za othamanga angamuone. Ku Lilongwe kuli bwalo la Bingu National Stadium, limene lidatsegulidwa mu 2017, ndipo lili ndi njira zothamangiramo. Mu Disembala 2022 mumzinda womwewo mudachitikira maseŵera a achinyamata a maiko a kumwera kwa Africa, otchedwa Region 5. Maseŵera otere ndiwo makwerero opita ku aakulu aja.

Inu makolo, mbali yanu ilipo. Mwana akasiya sukulu, wasiyanso njira imene akadaonekera. Izi nzoona kwa mtsikana monga kwa mnyamata. Musungireni bwino chiphaso chake cha kubadwa, pakuti popanda pasipoti sangatuluke m'dziko, ndipo popanga pasipoti amafuna mapepala. Zaka zake zilembedwe zoona. Ena amachepetsa zaka za mwana kuti akapose ana aang'ono, koma pa maseŵera a achinyamata amafufuza zaka, ndipo akampeza amambweza. Tsono poti mwaphunzira kuŵerenga, tengani chiphasocho muone nokha ngati dzina la mwana ndi tsiku lake lobadwa zidalembedwa molondola.