Imwe muti polka dot, a ku Poland ati ni ma peas

Tsegulani wadilopu yanu, olo cikwama ca Ukwa cija cili pansi pa bedi, muone zovala zimene zili na mapatani. Shati ya mizele, siketi ya mabokosi, kadilesi ka madontho kaja mumavala ku kitchen party. Manje dzifunseni: ni zingati zimene mungachule dzina lake leni-leni? Ambili a ife tikafika kwa telala olo pa salaula ku Soweto timangoti "ija ya so", uku cala cijambula m'mwamba. Mikangano iyambila pamenepo. Mwaitanitsa shati ya checked pa WhatsApp, ndalama mwatuma kale pa foni, shati yafika, ni mabokosi akulu-akulu monga bulangeti, pamene imwe munali kufuna tumabokosi tung'ono twa ku ofesi. Wogulitsa ati, "Nanga si checked iyi, boss?" Ndipo sananame.

Cizungu cili na dzina pa patani iliyonse, ndipo wodziwa maina amenewa sagula cinthu mwangozi. Koma lelo tiwaika pambali pa maina a Cipolishi, citundu ca ku Poland. Musadabwe. Mukamasalaula, muziyang'ana malebo. Mukapeza Reserved, Cropp, House, Mohito olo Sinsay, zonsezo ni za kampani imodzi ya LPP ya mu mzinda wa Gdańsk. Poland ni limodzi mwa maiko amene amasankha zovala zakale, kuzimanga mabelo na kuzitumiza kunja, kuphatikizapo kuno ku Africa, ndipo naonso ali na salaula yao imene aicha lumpeks. Pa lebo mukaona bawełna ni thonje, wełna ni ubweya wa nkhosa. Koma cokondweletsa maningi ni ici: nsalu imodzi-modzi, Mngelezi aonapo dzino la galu, wa ku Poland aonapo phazi la nkhuku.

Coyamba, kaliu kamodzi kofunika. Cipolishi cimaika w pakati pa covala na patani yake: koszula w paski ni shati ya mizele, sukienka w kwiaty ni dilesi ya maluwa, ija ya floral. W ameneyu amveka monga v, koma akatsogola p olo k asanduka f, ndiye mukamba "fpaski". Covala copanda patani iliyonse, cija tikamba kuti plain, iwo ati gładki, kutanthauza cosalala. Ndipo pamene Cizungu cili na liu limodzi lakuti pattern, iwo ali na awili: wzór ni cojambula ca pa nsalu, wykrój ni pepala ija telala amaika pa nsalu podula. Apa a ku Poland acita bwino. Kangati mwauza telala kuti "nifuna pattern iyi", imwe mukamba za nsalu, iye wamva za kasokedwe?

Tiyeni ku madontho, cifukwa ndiye pali nkhani.

Mu Cipolishi, Polka ni mkazi wa ku Poland. So munthu angaganize kuti polka dot inacokela kumeneko. Iyai mwandi. Dzinali linabwela na gule. Polka ni kavinidwe kamene kanayambila ku Bohemia, kumene manje ni Czech Republic, m'zaka za m'ma 1830, ndipo pofika m'ma 1840 Paris na London zinali zitapenga nako. Amalonda a nthawi ija sanali ogona. Ciliconse cimene anafuna kuti ciyende, anacimata dzina la polka: majekete, zisote, nsalu. Zina zonse zinaiwalika, madontho ndiye anatsala na dzina. Ise a nkhani za zosangalatsa tidziwa mmene ziyendela: nyimbo ikagunda m'mabasi na m'mabala, mawa lake dzina lake lili pa nsapato, pa wigi, na pa kagrosale ka pa kona.

Manje eni ake a liu lakuti Polka saligwilitsila nchito pa nsalu. Kwa iwo dilesi ya madontho ni sukienka w groszki, ndipo groszek ni ma peas obiliwila aja mupeza mu fried rice ya pa ukwati. Madontho akakula asanduka grochy, ma peas akulu. Akacepa kwambili angoti w kropki, kropka ni kadontho kaja timaika pothela pa ciganizo. Okonda za njinga adziwa jezi yoyela ya madontho ofiila imene amapatsa katswili wokwela mapili mu Tour de France. Azungu aicha polka dot jersey. Rafał Majka wa ku Poland anaitenga kawili, mu 2014 na mu 2016, ndipo kwao anali kukamba za koszulka w grochy. Mwamuna wakwela mapili a ku France mpaka lilime panja, mphoto yake jezi ya ma peas.

Ise naise sitinasowe maso. Agogo anu sanayembekeze Mngelezi kuti awauze dzina la madontho. Anayang'ana nkhanga, n'kunena kuti nsalu ya mawanga-mawanga. Kunena zoona, pa maina atatuwa lathu ndiye lifanana kwambili na cinthu ceni-ceni. Onani nkhanga bwino-bwino: madontho oyela pa nthenga zakuda, osapita m'mbali. Koma pa Facebook mukalemba polka dot, dilesi imodzi-modziyo imaoneka monga ya mu butiki. Ogulitsa, mwamva.

Gule wina analowanso mu nsalu, koma ulendo uno dzina lili ku Cipolishi. Muidziwa patani ija ya black and white ya tumabokosi tosongoka m'makona, imene ipezeka pa mabuleza na masiketi a ku ofesi? Cizungu cake ni houndstooth, dzino la galu wosaka nyama. Ku Poland ambili aicha pepitka. Dzinali linadzela ku Germany, kucokela kwa Pepita de Oliva, mkazi wovina wa ku Málaga ku Spain amene anachuka mu Europe m'zaka za m'ma 1850. Iye anamwalila kale-kale, koma mpaka lelo dzina lake lili pa majekete a anthu amene sanamumvepo n'komwe. Ma celeb athu amene amalipila kuti nkhope yao iikidwe pa T-shirt aphunzilepo.

Patani imeneyi ili na dzina laciwili ku Poland, kurza stopka, kaphazi ka nkhuku. Afalansa naonso ati pied-de-poule, tanthauzo limodzi-modzi. Ine nili ku mbali ya nkhuku. Sesani pabwalo m'mawa, nkhuku zipitepo, muone zimene zasiya pa dothi. Ni buleza ya ba manager ija. Dzino la galu niliyang'ana-yang'ana, siniliona.

Herringbone ni ija ya mizele yopendeka yokumana monga V, V, V kutsika pansi, pa makoti olemela a mu June. Mngelezi, munthu wa pa cisumbu, anaonapo minga ya nsomba ya herring, imene ili m'banja limodzi na kapenta wathu. Wa ku Poland, munthu wa m'nkhalango, anaonapo nthambi za mtengo, ndiye anati jodełka, kamtengo ka fir, mtundu uja wa Khisimasi. Mukamba "yodeuka", cifukwa j wao ni y, ndipo ł wa kamzele amveka monga w. Anyamata oyala mapeva m'mayadi, iyi ni yanu: mapeva opendeka aja mumayala mokumana-kumana, Cizungu cake ni herringbone, ndipo ku Poland mabuliki na matabwa a pansi m'nyumba oyalidwa motelo aachanso w jodełkę.

Manje mabokosi, gwelo la mikangano ija. Checked ni dzina la banja lonse, osati la mwana mmodzi. Gingham ni tumabokosi tung'ono twa mitundu iwili, yoyela na ina, monga mayunifomu a atsikana a ku pulaimale na nsalu za pa thebulo. Ku Poland ni kratka vichy. Tartan ni ija ya ku Scotland ya mizele yambili yopingasana ya mitundu-mitundu, iwo ati szkocka krata. Windowpane ni mizele yoonda yopanga mabokosi akulu monga mawindo. Jezi ya Croatia ya red and white ni checkerboard, kwa iwo szachownica, bodi ya chess, olo tinene kuti bodi ya drafti ya pa shopu ya ometa. Mukaitanitsa covala, chulani mwana, osati banja cabe. Cikwama ca Ukwa naco ni checked, cimene ku Nigeria aciti Ghana Must Go kucokela mu 1983 pamene anthu a ku Ghana anathamangitsidwa m'dzikolo. Koma simungakondwe telala akakusokelani suti yofanana naco.

Liu la Cipolishi la banja lonseli ni krata, olo kratka ikakhala yaing'ono, ndipo tanthauzo lake loyamba ni zitsulo zopingasa, ma burglar bars aja a pa windo. Ndiye cifukwa cake za kratkami ni kukhala m'ndende. Buku ya masamu ya tumabokosi ni zeszyt w kratkę. Ndipo pali kakambidwe kena kamene niona kuti tifunika kubweleka lelo lomwe. Cinthu cocitika modumpha-dumpha, lelo inde mawa iyai, monga bokosi yoyela na yakuda, ati cicitika w kratkę. Mwana wopita ku sukulu Mande n'kukaonekanso pa Cinai, ayenda w kratkę. Wa lendi amene alipila Januwale n'kusowa mpaka Epulo, alipila w kratkę. Malaiti a mu komboni, imwe malizani mweka.

Zina tipite mothamanga. Paisley ni ija ya pa bandana, yooneka monga dontho la madzi lopindika mcila. Inacokela ku Persia na ku Kashmir, koma inatenga dzina la tauni ya Paisley pafupi na Glasgow, kumene mafakitale anali kukopela mashawelo a ku Kashmir m'zaka za m'ma 1800. A ku Poland ati wzór turecki, patani ya ku Turkey. Aliyense anapatsa dzina malo amene anaionela, eni ake anatsala manja lende. Leopard print ni panterka, kakambuku. Zigzag ni zygzak, apo palibe sukulu. Camouflage ni moro, dzina limene linacokela ku yunifomu ya asilikali a ku Poland. Iyo cabe cenjelani nayo: ku Europe acinyamata aivala m'tauni, koma kuno kuvala zofanana na za asilikali kungakugwetseni m'manja mwa lamulo, olo munaipeza yochipa bwanji pa belo.

Tatsala na mizele. Striped ni w paski, ndipo pasek ni lamba, so shati ya mizele ni shati ya tumalamba. Jezi ya Newcastle olo Juventus ni w paski. Mizele yoonda kwambili ya pa masuti a maloya, pinstripe, ni w prążki.

Koma pali liu lina la m'banja lomweli limene silili lopepuka: pasiak. Ku dela la Łowicz, pakati pa Poland, pasiak ni nsalu ya ubweya ya mizele yowala, yobiliwila, yofiila, ya olenji, imene akazi amavala monga siketi pa masiku a zikondwelelo za chalichi na za mwambo. Ni nsalu yonyadila, monga mmene ise tinyadila citenje. Liu limodzi-modzilo ndiye dzinanso la yunifomu ya mizele imene akaidi anali kuvala m'misasa ya cibalo ya Germany pa nkhondo yaciwili ya dziko lonse, ku Auschwitz na kwina.

Nkhani imeneyi siili kutali na ise monga mmene imvekela. Akatolika acikulile a mu Lusaka akumbukila Adam Kozłowiecki, wansembe wa Cijezuiti wa ku Poland. Anagwidwa na Gestapo ku Kraków mu 1939, anatumizidwa ku Auschwitz mu 1940, kenako ku Dachau, kumene anakhala mpaka asilikali a America anamasula msasawo mu 1945. Caka cotsatila anabwela ku Northern Rhodesia, n'kuyamba nchito pa mishoni ya Kasisi. Mu 1959 anakhala Akibishopu woyamba wa Lusaka, ndipo mu 1969 anatula pansi udindo kuti mwana wa dziko lino atenge mpando, umene unapita kwa Emmanuel Milingo. Iye sanabwelele kwao. Anapitiliza kugwila nchito m'mamishoni a kumidzi, anapatsidwa ukadinala mu 1998, ndipo anamwalila mu Lusaka mu 2007 ali na zaka 96. Zaka za m'misasa ija, pakati pa anthu ovala pasiak, anazilemba m'buku la Cipolishi lochedwa Ucisk i strapienie.

So ngati muli na mbale wanu amene aphunzila ku Warsaw olo ku Lublin, ndipo mufuna akubweletseleni shati ya mizele pobwela ku holide, mulembeleni kuti koszula w paski. Mufunenso kunena ngati mizele ni yoimilila, pionowe, olo yogona, poziome, na saizi yanu mu masentimita, cifukwa manambala a masaizi ao asiyana na a ku UK amene tinazolowela pa salaula.