Dekoda sinafe, ndipo disiki ilibe mlandu

Dandaulo lomwe latitopetsa ife oika madishi ndi ili: munthu wagula dekoda ya combo, yolandira kanema wa pa setilaiti ndi wa pa eriyo, wayamba kujambula mpira, koma akati aonereko nkhani pa tchanelo china, kanema amangoti bii. Chigamulo chimagwa pomwepo: dekodayi ndi yabodza, apo ayi hadi disiki yachepa. Ena amathamangira kukagula disiki yokulirapo, vuto osasuntha. Ine ndikuti akukwapula wosalakwa.

Mwini nkhani ndi tuner, kachipangizo ka m'kati mwa dekoda kamene kamatchera frequency imodzi yokha panthawi. Ambiri amayesa kuti tuner imodzi ndi tchanelo chimodzi, koma si choncho. Kanema wa dijito amayenda m'mitolo ngati nkhuni: matchanelo angapo amamangidwa pamodzi pa frequency imodzi, ndipo mtolowo pa setilaiti timautcha transponder, pa eriyo multiplex. Tuner imasenza mtolo wonse, dekoda n'kusololamo chomwe mwasankha. Ndiye matchanelo atatu akakhala mumtolo umodzi, tuner imodzi yomweyo ikhoza kuwajambula onse, bola pulogalamu ya dekodayo ilole. Tchanelo cha mumtolo wina, ngakhale chitatsatana ndi chanucho pa rimoti, chimafuna tuner yakeyake. Combo wamba imakhala ndi ziwiri, ya DVB-S2 ya dishi ndi ya DVB-T2 ya eriyo, njira yomwe Kiliye Kiliye ndi GOtv amaulutsira kuno kwathu. Ya eriyo singathandize ya dishi ngakhale itakhala chabe, ndipo macombo ena otchipa salola n'komwe kuti ziwirizi zigwire ntchito limodzi. Ogulitsa salankhula zimenezi.

Wina anena kuti dekoda yake ili ndi ma tuner awiri a setilaiti koma imakanabe. Apa pitani kuseli kwa dekoda mukawerenge mawaya. LNB, kaja kali kutsogolo kwa dishi, simatsitsa zonse za pa setilaiti nthawi imodzi. Imazigawa panayi, ndipo dekoda imasankha gawo potumiza magetsi a 13 kapena 18 volts m'waya, ndi kamluzu ka 22 kHz kosankhira ma frequency apamwamba. Waya umodzi umanyamula gawo limodzi basi. Mukaugawa ndi splitter, tuner ina ikapempha 13 inzake 18, LNB imamvera imodzi, inayo n'kugona ndi njala. Pa eriyo kugawa waya kumatheka chifukwa mitolo yonse ilimo kale, chimangofooka ndi signal. Chizolowezi chimenechi ndicho chimasocheretsa amisiri ena akafika pa dishi. Mankhwala ake ndi LNB ya mabowo awiri, tuner iliyonse waya wake, kapena ya Unicable, yomwe imapatsa tuner iliyonse kanjira kake m'waya umodzi, mpaka 8, ndipo yatsopano mpaka 32. Smart LNB ya DStv Explora ndi nzeru yomweyi.

Nanga disiki ilibe mbali? Ili nayo, koma ina. Tiyerekeze tchanelo cha HD chodya 8 Mbit pa sekondi: pa ola chimadzaza 3.6 GB. Matchanelo anayi otere pamodzi amadya 32 Mbit, pomwe USB 2.0 papepala imafika 480, ndiye hadi disiki yabwinobwino sichita nawo thukuta. Kukula kwake kumangonena maola amene musunge, osati matchanelo amene mujambule. Ndivomereze kuti fulashi yotchipa imalemba mochedwa mpaka chithunzi kudukaduka, komanso disiki ya FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB. Pa matchanelo olipira pali mpanda winanso: khadi limatsegula owerengeka panthawi, ndipo malirewo amaika ndi eni kanemawo, osati wokuikirani dishi.

Musanatulutse ndalama, lowani m'menyu muone frequency ya matchanelo omwe mumawakonda. Akafanana, mwina mukhoza kuwajambula lero lomwe. Akasiyana, funsani wogulitsa kuti ma tuner a setilaiti ndi angati, ndipo kabuku ka dekodayo kakuti chiyani za Unicable, poti si madekoda onse amaidziwa.