Chigumula cha Mabuku pa Khirisimasi ku Iceland

Pamene ife tili kalikiliki kupalira chimanga m'mwezi wa Disembala, abale athu a ku Iceland, chilumba cha kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, amakhala ali m'kati mwa chisanu ndi mdima. Mumzinda wao waukulu wa Reykjavík dzuwa limaoneka maola anai okha pa tsiku, ndipo usiku umatalika ndithu.

Kumeneko mphatso ya Khirisimasi yokondedwa kwambiri ndi buku. Osindikiza amatulutsa mabuku ao atsopano ochuluka m'miyezi yotsiriza ya chaka, kotero kuti eni dziko amaitcha nyengoyi Jólabókaflóð, ndiko kunena chigumula cha mabuku a Khirisimasi. Madzulo a pa 24 Disembala, mabelu a matchalitchi akalira 6 koloko, banja limadya pamodzi, kenaka nkumasula mphatso, ndipo ambiri amagona mochedwa buku lili m'manja. Mwambowu unakula pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene katundu wakunja anasowa m'masitolo koma mabuku ankapezeka.

Komatu ife sitikhulupirira kuti nkhondo ndi malonda pazokha zikanabala mwambo wotere. Muzu wake uli m'nyumba za alimi akale. Usiku wachisanu onse a pakhomo, agogo, makolo, ana ndi antchito omwe, ankasonkhana m'chipinda chimodzi. Manja ali pa ntchito yopota ndi kuluka ubweya wa nkhosa, mmodzi ankakhala pafupi ndi nyale nawerengera onse mokweza. Ankawerenga mbiri za makolo ao akale, natsiriza ndi mau a Mulungu ndi pemphero. Buku la maulaliki a Bishopu Jón Vídalín, limene linatuluka pakati pa 1718 ndi 1720, linawerengedwa m'makomo motere kwa zaka zoposa 100. Panalibe zoti ili ndi buku la ana, ilo ndi la akulu: mwana ankamva zomwe agogo ake akumva, natola zimene mutu wake ukanatha kusenza.

Sukulu kumidzi kunalibe, mphunzitsi anali kholo. Abusa a mpingo wa Lutheran poyendera mabanja ankayesa ana ngati akudziwa kuwerenga, ndipo kholo laulesi linkachita manyazi. (Akulu a mpingo athu oyendera milaga angalingalirepo.) Ngakhale Chipangano Chatsopano cha m'chiyankhulo chao chili ndi mbiri ya chisanu. Oddur Gottskálksson anayamba kuchimasulira m'khola la ng'ombe ku Skálholt, akuti chifukwa m'menemo munali mofunda ndiponso mobisika kwa Bishopu wa Chikatolika. Chinasindikizidwa mu 1540.

Masiku ano aliyense amawerenga buku lake chamumtima, ndipo tikuona kuti pamenepo china chinatayika, pakuti wosadziwa kuwerenga ndi wofooka maso amatsala panja. Komabe pali kabuku kamodzi kamene ambiri amabwererako chaka ndi chaka Khirisimasi ikayandikira. Dzina lake ndi Aðventa, ndipo anakalemba ndi Gunnar Gunnarsson m'zaka za m'ma 1930. Kamasimba za Benedikt, munthu wosauka amene chaka chili chonse pa nyengo ya Adiventi amakwera kumapiri kukafuna nkhosa zotsalira, zingafe ndi chisanu. Amapita ndi galu wake Leó ndi nkhosa yamphongo yotsogolera dzina lake Eitill, nagona m'dzenje la pansi chimphepo chikaomba. Nkhosa zimene amaziikira moyo wake pachiswezo si zake, ndi za anthu ena.