Nthambo ya galasi imene itinyamulira mau ndi ndalama

Ambiri a ife tinaonapo anyamata akukumba ngalande m'mbali mwa miseu ikuluikulu ndi kukwiriramo tumapaipi. M'tumapaipi timeneto mupita nthambo yochedwa faiba. M'kati mwake muli tuulusi twa galasi toonda ngati tsitsi, ndipo cimene ciyenda m'menemo ndi kuwala, osati magetsi.

Mlimi wa ku Katete akatumiza ndalama pa foni kwa mwana wake ku Lusaka, uthengawo uyamba wafika pa nsanja ya netiweki. Kucokera apo usandutsidwa kuwala kophethiraphethira, kumene kuthamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi imodzi. Kuwalako kukafooka pa mtunda wautali, pali makina okuwonjezera mphamvu popanda kukusandutsa magetsi. Ulusi umodzi unyamula mitundu yambiri ya kuwala nthawi imodzi, mtundu uliwonse ndi mauthenga akeake.

M'matauni faiba ifika mpaka kunyumba, kusukulu kapena ku ofesi ya parishi. Ulusi umodzi ugawidwa ndi kagalasi kosafuna magetsi kuti utumikire nyumba 32 kapena 64. Pa nyumba iliyonse aikapo kabokosi kosandutsa kuwalako kukhala uthenga umene foni ndi kompyuta zimva.

Dziko lathu lilibe nyanja ya mcere, motero tidalira anansi kuti atilumikize ku nthambo za pansi pa nyanja monga Seacom, imene inayamba nchito mu 2009, ndi EASSy ya mu 2010. Muno m'dziko, ZESCO inayalanso faiba pa nsanja zake za magetsi. Mu May 2024 nthambo ziwiri zija zinaduka m'nyanja, ndipo intaneti inavuta kwambiri ku Tanzania ndi ku Malawi.

Kumtunda kuno, odula faiba kawirikawiri ndife anthu. Ena aifukula poganiza kuti muli kopa yogulitsa, koma mulibe. Ena aidula ndi khasu kapena pulawo polima kufupi ndi mseu, ndipo moto wa lupsa uononga yopacikidwa pa mitengo. Ikaduka, netiweki isowa dera lonse. Wodwala alephera kuitana galimoto, wogulitsa nyemba salandira malipiro ake, ndipo cipatala sicitumiza uthenga ku boma.

Conco alimi, musalime pamene pali zizindikiro za nthambo. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo akumbutse anthu pa misonkhano. Mukaona wina akufukula, dziwitsani a nyakwawa kapena apolisi msanga, pakuti amene avutike mawa ndi banja lanu lomwe.