Kukula kwa maselo m'malo opanda kulemera

Kupanda kulemera ndi mmene zinthu zimakhalira m'chombo chimene chikuzungulira dziko lapansi: anthu, madzi ndi zida zimangoyandama. Maselo, omwe ndi tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi la chamoyo chilichonse, amasintha kakulidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka chakudya akakhala m'malo otere. Fodya, mbewu yolimidwa kwambiri m'boma la Kasungu, ndi chimodzi mwa zomera zimene asayansi agwiritsa ntchito pofufuza nkhaniyi.

Chifukwa chake zinthu zimayandama

International Space Station ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi. Kumeneko mphamvu yokoka ya dziko ilipo ndithu, pafupifupi 90 peresenti ya mmene ilili pansi pano. Koma siteshoniyi imathamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, ndipo imagwa mozungulira dziko pamodzi ndi zonse za m'kati mwake osafika pansi. Choncho zolemera sizimira, ndipo zopepuka sizikwera pamwamba.

Maselo a zomera

Pa nazale ya fodya, muzu umalowa pansi ndipo tsinde limakwera m'mwamba, kaya njere inagwa chotani. Kunsonga kwa muzu kuli maselo okhala ndi timibulu ta sitachi. Timibuluti timamira kumunsi kwa selo, ndipo izi zimatsogolera homoni yotchedwa auxin, imene imakhotetsa muzu kuti ulowe pansi. M'mlengalenga timibuluti sitimira, motero muzu umadalira zizindikiro zina monga chinyezi ndi kuwala.

Kapumidwe ka maselo kamasinthanso. Popeza mpweya ndi madzi sizisakanikirana zokha monga pansi pano, madzi amakuta mizu ndipo okosijeni amachepa. Maselo amayamba kuphwanya shuga mwa njira yofanana ndi kuwira kwa mowa, imene imapereka mphamvu zochepa. Zimenezi ndi zomwe zimachitikiranso fodya m'munda modikha madzi.

Mu 1993 chombo cha Columbia chinanyamula maselo a masamba a fodya pa ulendo wa dziko la Germany wotchedwa D-2. Gulu la Rüdiger Hampp wa ku yunivesite ya Tübingen linachotsa khungu lolimba la maselo a mitundu iwiri ya fodya, n'kuwalumikiza ndi magetsi. Pansi pano maselo olemera amamira n'kusiyana ndi opepuka. Pa kafukufuku wa m'maroketi ndi wa m'chombochi, maselowo ankakhala pamodzi, ndipo olumikizana anachuluka.

Maselo a anthu ndi tizilombo

Fupa limakhala lolimba chifukwa chosenza thupi. Likasiya kusenza, maselo omanga fupa amachepetsa ntchito pamene maselo ophwanya fupa akupitirizabe. Oyenda m'mlengalenga amataya pafupifupi 1 mpaka 1.5 peresenti ya fupa la m'chiuno ndi la msana mwezi uliwonse, ndipo kashiamu wotuluka m'mafupa angayambitse miyala mu impso. Minofu nayo imafota. N'chifukwa chake amachita masewera olimbitsa thupi kwa maola pafupifupi awiri tsiku lililonse.

Mu 1983, pa ulendo wa Spacelab 1, Augusto Cogoli wa ku Switzerland anapeza kuti maselo oyera a m'magazi, amene amateteza thupi ku matenda, anangotsala pang'ono kulephereratu kugalamuka ndi kuchulukana atapatsidwa mankhwala owadzutsa. Mu 2006 mabakiteriya a Salmonella amene anakulira m'chombo cha Atlantis anabwerako aukali: anapha mbewa zambiri kuposa anzawo okulira pansi.

Kufunika kwa kafukufukuyu

Ulendo wopita ku Mars ungatenge miyezi yoposa 6 kupita kokha, ndipo oyendawo adzafunika mafupa olimba, chitetezo cha thupi ndi chakudya cholimidwa m'njira. Zomera zimatha kupirira: mu 1982 kachomera ka Arabidopsis kanachita maluwa n'kubala njere mu siteshoni ya Salyut 7, ndipo mu 2015 oyenda m'mlengalenga anadya letesi wolimidwa mu International Space Station.

Asayansi opanda chombo amagwiritsa ntchito makina otchedwa clinostat, amene amazunguza chomera pang'onopang'ono kuti maselo asazindikire kumene kuli pansi. Zotsatira za kafukufukuyu zimathandizanso madokotala kumvetsa kufooka kwa mafupa mwa okalamba ndi mwa odwala ogonera pabedi nthawi yaitali.