Mabasi a ku Manchester atafika kukhoti: kodi woweruza amaunika chiyani?

Tikamva kuti nkhani ya mabasi yafika kukhoti, ambiri a ife timaganiza kuti woweruza ndiye asankha ngati mabasi achuluke kapena mtengo utsike. Si momwemo. Pali mtundu wa mlandu umene a zamalamulo amautcha judicial review, ndipo pa mlandu wotere khoti limaunika mmene akuluakulu a boma afikira pa chiganizo chawo. Zimene zidachitika ku Greater Manchester, m'dziko la England, zingatithandize kumvetsa bwino.

Kuyambira mu 1986, mabasi a ku England kunja kwa London adasiyidwa m'manja mwa makampani. Kampani iliyonse inkadzisankhira njira, nthawi ndi mtengo. Njira zodzaza anthu zinkalimbiranidwa, pamene madera opanda phindu ankadalira kuti khonsolo ilipire kampani kuti basi ifikeko. Mu 2017 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo la Bus Services Act, lopatsa mameya a zigawo zina mphamvu yobwezeretsa mabasi pansi pa ulamuliro wa boma la dera. Koma lamuloli lidaika ndondomeko: pakhale kafukufuku wa mmene dongosolo latsopano lidzayendere ndi ndalama zake, wowerengera ndalama woima payekha aunike kafukufukuyo, kenako anthu afunsidwe maganizo.

Greater Manchester, chigawo cha makhonsolo 10, idachita kafukufukuyo ndipo idayamba kufunsa anthu mu 2019. Kenako kudagwa Covid-19, okwera mabasi n'kuchepa kwambiri. Akuluakulu adalemba lipoti lina loona mmene mliriwo wasinthira zinthu, nafunsanso anthu kachiwiri. Mu Malichi 2021 meya Andy Burnham adalengeza kuti dongosolo latsopano lipitirira.

Makampani awiri, Stagecoach ndi Rotala, adatengera nkhaniyi ku Khoti Lalikulu. Dandaulo lawo lidagona pa ndondomeko. Iwo ankati mliri udasokoneza ziwerengero zimene kafukufuku woyamba adatsamirapo, ndipo lipoti lachiwiri silidaunikidwe monga lamulo lifunira, choncho chiganizocho chidalibe maziko oyenera. Mu Malichi 2022 khoti lidakana dandaulolo. Rotala idachita apilo, koma nayonso idakanidwa chaka chomwecho.

Nanga woweruza amafunsa chiyani? Mafunso akuluakulu ndi atatu. Loyamba: kodi wopanga chiganizo adali ndi mphamvu yochokera m'lamulo, ndipo adaigwiritsa ntchito pa cholinga chake? Lachiwiri: kodi adatsata ndondomeko, kuphatikizapo kumvera okhudzidwa? Lachitatu: kodi chiganizocho n'chopanda nzeru moti palibe mkulu woganiza bwino akadachipanga? Funso lachitatuli ndi lovuta kwambiri kulipambana, chifukwa kusagwirizana ndi chiganizo sikokwanira. Woweruza akhoza kuona kuti iye akadasankha zina, komabe n'kuchisiya chiganizocho chilili.

Tisaganize kuti boma limapambana nthawi zonse. Mu 1981 khonsolo ya Greater London, motsogozedwa ndi Ken Livingstone, idatsitsa mitengo ya mabasi ndi sitima zapansi panthaka, n'kukweza msonkho wa nyumba kuti ikwanitse kulipira. Khonsolo ya Bromley, dera limene sitima zapansizo sizifika, idakasuma. Mu Disembala chaka chomwecho oweruza a House of Lords adagamula kuti khonsoloyo idapyola mphamvu zimene lamulo la 1969 lidaipatsa, ndiponso kuti siidasamale mokwanira za olipira msonkho. Chaka chotsatira mitengo idakwera kawiri. Okwera ambiri ankaikonda mitengo yotsikayo, koma kukondedwa sikudaipulumutse.

Ku Manchester zinthu zidapita patsogolo. Mabasi achikasu a Bee Network adayamba kuyenda pa 24 Seputembala 2023 ku Bolton ndi Wigan, ndipo pofika Januwale 2025 chigawo chonse chidali chitalowa m'dongosololi. Tsopano akuluakulu a chigawo ndiwo amasankha njira, nthawi ndi mtengo, ndipo makampani amapikisana kuti apatsidwe kontrakiti yoyendetsa mabasiwo. Stagecoach ndi kampani ya Rotala yotchedwa Diamond zili m'gulu la amene adapeza makontrakitiwo.

Kodi ife zikutikhudza bwanji? Malamulo athu kuno ku Malawi adatengera zambiri ku England, ndipo Khoti Lalikulu limaunikanso ziganizo za mabungwe a boma. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wochitiridwa zinthu motsata lamulo ndi mwachilungamo ndi akuluakulu a boma, komanso wopatsidwa zifukwa zolembedwa pamene chiganizo chikumukhudza. Choncho khonsolo ikasuntha siteji ya minibasi, kapena ofesi ikakana kupereka chiphaso cha njira, wokhudzidwa akhoza kupempha zifukwa. Ngati akufuna kukasuma asachedwe, chifukwa milandu yotere imafuna kutulidwa msanga.

Ena mwa ife mawa tidzakhala m'maofesi opanga ziganizo zotere. Tidzakumbukire kuwerenga lamulo lotipatsa mphamvu, kumvera anthu tisanagamule, ndi kulemba zifukwa zathu, pakuti zimenezi ndi zimene woweruza adzayambe kutifunsa.